Mabawuti Awiri m'Kabokosi ka Mayi Longwe

Fyness Gondwe anali m'khola la nkhuku zake, ndowa ya gaga ili m'manja, pamene anamva kulira kuseri kwa mpanda. Sikunali kulira kokweza ngati kwa pamaliro. Kunali kwapansipansi, kodukizadukiza, ngati kwa munthu amene mpweya wamuthawa. Anaika ndowa pansi, n'kudutsa pa kachipata kamene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu kanalumikiza nyumba yake ndi ya banja la a Longwe ku Chiputula, mumzinda wa Mzuzu.

Anapeza mayi Winifred Longwe atakhala pansi pa simenti yozizira, miyendo atatambasula, duku litagwera paphewa. Mwana wawo Rodney, amene anafika dzulo lake kuchokera kuntchito ku Lilongwe, anali ataima patebulo akumenya mabatani a laputopu ngati amulakwira.

"Mwawuka uli, amama?" Fyness anapereka moni m'Chitumbuka. "Kwagwanji?"

"Nyagondwe," anatero mayiwo osadzutsa mutu, akumuitana Fyness ndi dzina la mfunda wake, "amuna anga amwaliranso."

A Zebedee Longwe anamwalira chaka chathacho. Atapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anakhala zaka khumi ndi chimodzi akuyenda m'midzi ya kwawo ku Nkhata Bay, kujambula nyimbo za malipenga ndi chilimika, kucheza ndi okalamba amene ambiri a iwo pano kulibenso. M'zojambulazo munalinso mawu a malemuwo, kuseka kwawo, ndi mafunso awo aja osatha. Laputopu yawo yakale itayamba kuzimazima, mayi Longwe anapita okha m'tauni kukagula hadidiraivu, kabokosi kakuda kosungiramo zinthu za pakompyuta, n'kusamutsiramo zonse. Patangotha milungu iwiri laputopuyo inaferatu. Loweruka likubwerali kunali kuvumbulutsa chiliza cha malemu kumudzi, ndipo banja linagwirizana kuti anthu akamve mawu a mwini wake.

"Look, anti," anatero Rodney, akutembenuza laputopu. "Mayina onse akuoneka. Chintheche, Tukombo, Usisya, onse. Koma ndikatsegula, nothing. Palibe nyimbo ikulira ngakhale imodzi. Mkulu uja wa shopu anawagulitsa amayi feki. Ndikupita ku polisi pompano, ndipo dzina lake ndilimwaza pa foni mpaka Mzuzu yonse imudziwe."

Fyness anagwira ntchito ya upolisi zaka makumi awiri ndi zisanu, zambiri mwa izo ku nthambi yofufuza milandu, asanapume n'kuyamba za nkhuku. Za makompyuta sankazidziwa kwenikweni, koma ankadziwa kuti munthu wopsa mtima amaloza chala amene wayamba kubwera m'mutu mwake. Ananyamula kabokosiko, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. M'kati munamveka kanthu kakugogoda.

"Katoni yake ilipo? Nanga risiti?"

Mayi Longwe sankataya pepala. Zonse zinali m'kabati, zokulunga m'thumba la pulasitiki. Fyness anavala magalasi ake, n'kuwerenga nambala yaitali ya pa risiti. Inafanana ndi ya pa katoni, chilembo ndi chilembo. Kenako anatembenuza kabokosiko. Nambala ya pansi pake inali ina.

"Rodney, mwanawe, ndipatse mpaka mawa masana. Ngati ndi wa shopu, ku polisi ndikuperekeza ndekha."

Rodney anapumira m'mwamba, koma anapinda chingwe cha kabokosiko n'kuponyera zonse m'katoni.

* * *

Shopu ya a Cosmas Makwinja inali kachipinda kopapatiza kuseri kwa msika, kodzaza makompyuta otsegulidwa mimba. Mwini wake anali bambo wamfupi wa ku Mulanje, wa dazi, wolankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Mayi Longwe? Iii, ndingawaiwale bwanji? Anabwera kuno katatu asanagule. Ulendo woyamba anabwera ndi pepala la mafunso, ngati ndine mwana wa sukulu. Wachiwiri anabwera atazungulira msika wonse, akuti pali mnyamata akugulitsa ya malo aakulu, materabaiti anayi, pa mtengo wotsika kuposa yanga ya terabaiti imodzi. Ndinawauza kuti, mayi, zinthu za abambozi sizikufika ndi theka la terabaiti lomwe, malo ochulukawo mukufuna muikemo chiyani? Inu mukufunika yoti mukaikamo chinthu lero, mudzachipeze zaka khumi zikubwerazo. Gulani yomata m'katoni, ya walanti yoti ikafa mudzabweze, nambala yake tiione tonse pa intaneti ngati kampani yake ikuidziwa. Ulendo wachitatu anagula. Tinakhala pano tsiku lonse, ndikusamutsa, iwo akutsegula chimodzichimodzi kuti amve ngati chikulira. Analira pampando mwakhalapowo."

Fyness anatulutsa kabokosiko n'kukaika patebulo. A Cosmas anangokanyamula, nkhope n'kusintha. Anakalumikiza ku kompyuta, n'kukagwira ndi chikhatho.

"Iyi si yanga. Yeniyeni mukailumikiza imanjenjemera pang'ono, m'kati muli mbale ikuzungulira. Iyi yangoti zii."

Anakhala kanthawi akudinadina, kenako anakachotsa, n'kutenga sikuludiraiva. Chivundikiro chitatseguka, Fyness anaweramira pafupi. M'kati munali mabawuti awiri adzimbiri omatidwa ndi guluu, limodzi litayamba kumasuka, ndi kafulashi kosungiramo zinthu, kakang'ono ngati chikhadabo.

"Mabawutiwo ndi oti izilemera ngati yeniyeni," anatero a Cosmas, mawu atatsika. "Kafulashi aka anakaphunzitsa kunama. Kamauza kompyuta kuti kali ndi malo ambirimbiri. Mukamathiramo zinthu kamalandira, mayina kamalemba, koma kakangodzaza, zotsalazo zimangotayika. Munthu amachoka akumwetulira, osadziwa kuti wanyamula mayina okhaokha."

"Rodney akuti munawapatsa katoni yeniyeni, koma m'katimo munaika iyi."

A Cosmas anavula magalasi. "Mayi, ine pano ndine mlendo, ndilibe m'bale woti angandiikire kumbuyo. Chimene chimandidyetsa ndi dzina basi. Koma musakhulupirire pakamwa panga. Kompyuta imalemba tsiku limene chinthu chalowa. Ndaona ndisanatsegule: zonsezi zinalowa muno Lachinayi, pa 15 Meyi, masana. Ine ndinawagulitsa mu Malichi. Ndipo sabata ya pa 15 Meyi ndinali ku Mulanje kuika apongozi anga, shopu ili yotseka. Funsani telala wa khomo loyandikana nali, makiyi ndinasiyira iyeyo."

"Ndiye kuti amene anachita izi anali ndi zonse ziwiri, yeniyeni ndi yabodzayi."

"Pamodzi, patebulo limodzi. Anachotsa uku n'kuthira uku. Ndipo onani, ngakhale chingwe si changa. Ine sindimata tepi pa zingwe."

Anachitambasula patebulo. Pafupi ndi kumutu kwake panali kachidutswa ka tepi yachikasu, kozunguliridwa kawiri.

Fyness anayang'anitsitsa tepiyo. Chingwe chotchajira foni cha kuchipinda kwake chinali ndi tepi yomweyo, yozunguliridwa chimodzimodzi.

* * *

Tepi yachikasu imagulitsidwa paliponse. Fyness anadziuza zimenezo pa kabaza njira yonse yobwerera ku Chiputula, mvula yowaza ya mu Julaye ikumunyowetsa kumaso. Telala uja anali atavomereza za makiyi, natchula ndi tsiku limene a Cosmas anabwerera.

Anapeza Rodney pakhonde akulankhula pa foni. Atamufunsa za pa 15 Meyi, anakwiya kaye, kenako anatsegula zithunzi za m'foni mwake.

"Ndinali kuchipatala ku Lilongwe. Madamu anachira pa 14, mwana wamkazi. Zithunzi izi, masiku ake ali pamenepo." Anabweza foniyo m'thumba. "Anti, ine chimwalirireni adadi sindinapondeko kuno. Ndimangoti next month, next month. Ndikanabwera msanga, ndikanakopera zonsezi kwanga. Ndiye musandifunse ngati wakuba, ndikudziimba kale mlandu."

Mayi Longwe anali kukhitchini, akusankha nyemba zimene zinali zosankhasankha kale. Fyness anakoka kampando n'kukhala nawo pafupi.

"Amama, kabokosi kaja kankakhala kuti?"

"M'kabati ya kuchipinda kwanga. Kiyi ndimayenda naye."

"Kanatulukapo m'nyumba muno?"

"Ayi."

"Ganizani bwino. Pakati pa Meyi. Lachinayi."

Zala za mayi Longwe zinaima m'lichero. Anayang'ana Fyness kamodzi, mwachangu, n'kubweza maso ku nyemba.

"Ndakalamba, Nyagondwe. Masiku amandisokonekera."

Fyness anafunsapo anthu mazanamazana m'moyo mwake, ndipo ankadziwa kusiyana kwa munthu woiwala ndi munthu amene wangokumbukira kumene. Mayi awa ankadziwa tsiku lobadwa la mwana aliyense wa mumpingo mwawo.

"Amama, musandimvere chisoni. Nenani."

Misozi inagwera m'nyemba. "Anati akufuna asankhemo nyimbo zokaimba ku chiliza. Anatenga m'mawa, n'kubweza mawa lake, m'katoni momwemo. Sindinatsegule n'komwe. Ndikanatseguliranji? Ndi mwana wa m'nyumba muno."

Dzina sanalitchule. Panalibe chifukwa.

* * *

Tumbikani anali mwana yekhayo wa Fyness. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chaka chomwe anasamukira ku Chiputula. Masiku amene Fyness ankachoka m'mamawa kukathamangitsana ndi mbava, mwanayo ankadya kwa a Longwe. A Zebedee ndi amene anamuphunzitsa kugawa manambala, kumanga tayi, ndi kugwira kamera osanjenjemera. Tsopano anali bambo wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, wojambula maukwati, ndipo ankachita lendi chipinda ku Katawa chimene ankachitcha situdiyo.

Fyness anamupeza atavala zomvera m'makutu, akudula kanema wa mkwatibwi wina. Zingwe zonse za patebulo zinali ndi tepi yachikasu, kuti zisamasokonekere ndi za anzake kumaukwati. Pambali pa kompyuta panali kabokosi kakuda. Fyness sanapereke moni. Anakagwira ndi chikhatho. Kankanjenjemera pang'ono. Anakatembenuza, n'kutulutsa risiti m'chikwama, n'kuwerenga nambala mokweza, chilembo ndi chilembo, mpaka kumapeto.

Tumbikani anavula zomvera zija pang'onopang'ono.

"Amama, ndikhoza kufotokoza."

"Fotokoza."

"Sindinabe kanthu. Ndinangosinthanitsa." Ankalankhula mofulumira, akumwetulira kumwetulira kwa mantha. "Ndinali ndi ukwati waukulu Loweruka lake, pa 17. Ndinagula diraivu kwa mkulu wina woyenda nazo m'chikwama ku depoti, materabaiti anayi, mtengo wabwino chomene. Koma nditafika nayo kuno inali yochedwa, kanema ankangodukaduka. Ya agogo Longwe inali yothamanga. Ndiye ndinaganiza kuti iwo sagwiritsa ntchito, imangokhala m'kabati. Ndinakopera zinthu zawo zonse mu yangayo, ndinadikira maola asanu ndi awiri, ndinaona mafoda onse alowa. Ndinawapatsa yaikulu kuposa yawo, amama. Ndimati nyengo ya maukwati ikatha ndidzabweza."

"Unatsegulako chimodzi kuti umve ngati chikulira?"

"Ndinatsegula choyamba. Chinalira."

"Nanga chachiwiri? Chakhumi?"

Fyness anatulutsa kabokosi kabodza kaja, n'kuchotsa chivundikiro, n'kukaika pamaso pake. Bawuti lomasuka lija linagubuduka, n'kugwera pansi. Anamuuza zimene a Cosmas ananena, mawu ake osakwera kapena kutsika, ngati akuwerenga lipoti.

Tumbikani anayang'ana mabawutiwo nthawi yaitali.

"Chabwino," anatero Fyness, chiyembekezo chisanamuthere. "Cholakwa chachitika. Koma yeniyeni ndi iyi. Zinthu za a Longwe zikadali momwemu, eti?"

Mnyamatayo anatsetsereka pampando mpaka kukhala pansi.

"Tumbikani. Zikadali momwemu?"

"Ndinafufuta. Ndinkafuna malo." Anaphimba nkhope ndi manja. "Ndajambuliramo maukwati asanu ndi umodzi. Yadzaza kawiri, ndikufufuta n'kuthiramo zina."

Fyness anakhala pa bedi. Anagwirapo anthu opha anzawo, anaonapo amayi akukomoka m'khoti ana awo akupatsidwa chilango, ndipo nthawi zonse ankadzifunsa kuti amayi amenewo analera bwanji. Tsopano anangoyang'ana mutu wa mwana wake, pamene panali kachipsera ka tsiku limene anagwa mumtengo wa mapeyala wa a Longwe, a Zebedee n'kumubereka kuthamangira naye kuchipatala.

"Ukanapempha," anatero. "Mayi aja akanakupatsa ndi nsapato za kumapazi kwawo."

"Ndimaopa kuti akana."

"Ndiye unadziwa kuti si zako."

Tumbikani analira ngati mwana, akubwereza kuti sankadziwa, sankadziwa. Fyness anamukhulupirira, ndipo kukhulupirirako sikunachepetse kanthu. Akanatha kunyamula kabokosi kabodzako, kukauza Rodney kuti wofufuza wakalamba, walephera. Mayi Longwe sakanatsutsa, anali atayesa kale kumubisa. Koma mawa masana Rodney akanapita ku polisi ndi dzina la a Cosmas.

"Dzuka. Zula chingwecho. Tikupita kwa a Makwinja ndi zonse ziwiri."

* * *

A Cosmas sanamukalipire mnyamatayo. Anangomuyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kuwauza kuti abwere mawa m'mawa. Atabwera, anawapeza maso ali ofiira.

"Ya mayi Longwe ndaipeta paliponse. Muli akwati okhaokha. Chinthu mukachifufuta chimatha kubwerera, koma mukalembapo china pamwamba, ndiye basi. M'kafulashimu mwapulumuka zimene zinalowa poyamba: zithunzi za mapepala a penshoni, ndi foda ina ya pamwamba pa onse imene abambo anailemba kuti Aaa Kuyesa. Ndi momwe ankayesera maikolofoni asananyamuke ulendo. Zambiri ndi kugogoda ndi kuuzira. Mawu enieni ali m'kamodzi, masekondi makumi anayi." Anapereka fulashi yatsopano kwa Fyness. "Ndaika muno, ndasunganso pena pawiri. Mukawauze mayi kuti pepani. Ndinawaphunzitsa kusankha, koma ndinaiwala kuwauza kuti chinthu chokhala malo amodzi sichinasungike."

Anafika ku Chiputula nthawi ili cha m'ma leveni. Fyness sanadzere pa kachipata. Anazungulira kumsewu, n'kulowera kumaso ngati mlendo. Chitseko cha pabalaza chinali chotsegula. Tumbikani anagwada pakhonde, mayi ake ataima pambali pake, ndipo ananena zonse ndi pakamwa pake, osasiyako. Fyness anamuuziratu kuti akadumpha kanthu, adzakanena ndi iyeyo.

Rodney anatuluka ngati mphepo, n'kumugwira pakolala.

"Iwe? Adadi ankakutcha mwana wawo! Zaka eleveni za ntchito yawo, wafufuta chifukwa cha maukwati?"

Fyness sanasunthe. "Ukafuna kupita ku polisi, Rodney, umboni wonse ndili nawo, ndipo ndikaupereka ndekha. Koma a Makwinja alibe mlandu. Dzina lawo ulisiye."

"Musiye," anatero mayi Longwe ali m'kati. Sanakweze mawu, koma Rodney anamasula dzanja. "Za polisi sindikuzifuna. Andibwezera chiyani apolisi?"

Anali atakhala pampando wa amuna awo, manja ali pamiyendo. Sanamuyang'ane Tumbikani ngakhale kamodzi. Fyness anapereka fulashi ija kwa Rodney, n'kufotokoza zimene zinapulumuka.

"Ika," anatero mayiwo.

Poyamba kunamveka phokoso la mphepo. Kenako kugogoda katatu, ndi kutsokomola kumene aliyense pa khondepo anakudziwa nthawi yomweyo. Mayi Longwe anagwira pakamwa.

"Wani, thuu. Wani, thuu. Kaya chikugwira ichi." Mawu a Zebedee Longwe anadzaza pabalaza, athanzi, oseka. Kenako anatembenukira kumbali, n'kuitana akazi awo m'Chitonga, ndi dzina la kwawo lija ankawaitanira iwo okha. "Nyachirwa! Tatsekako chitseko icho, mphepo ikundilowera m'maikolofoni."

Patali, mkati mwa chojambulacho, munamveka mawu a mayi akuyankha kuti akubwera, manja ali ndi sopo. A Zebedee anaseka. Zinathera pomwepo.

Mayi Longwe anakhala kanthawi maso ali pa laputopu. Kenako anagwira mikono ya mpando, n'kudzuka movutikira, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo. Maso awo anakumana ndi a Fyness. Munalibe mkwiyo, ndipo Fyness akanakonda ukanakhalamo.

"Yewo, Nyagondwe," anathokoza mayiwo. "Wagwira ntchito yako."

Anatseka chitseko mosamala, osachimenyetsa.

Fyness anaima pakhondepo, mwana wake akadali chogwada, mvula ikuwaza pa malata. M'kati anamva mayi Longwe akuuza Rodney kuti abwereze. Kugogoda katatu kuja kunayambiranso. Anawerama, n'kumugwira Tumbikani pamkono, n'kumudzutsa.

"Tiye kunyumba," anatero. "Izi si zathu zomvera."